Manda a Yoswa

Sitima ya Ilala itaponya nangula pa Chipyela, Constance anayamba kufunafuna mlongo wake Yoswa pakati pa anthu amene anadzaza pamchenga. Yoswa sankaphonya. Tchuthi chilichonse ankalowa m'madzi mpaka m'chiuno, n'kulanda chikwama cha mabuku boti lotsitsa anthu lisanagunde n'komwe kumtunda, uku akudandaula mokweza kuti doko lonse limve: "Ana a anzathu akachoka ku Zomba amabwera ndi shuga, wathuyu amabwera ndi njerwa." Tsiku limenelo sanaoneke. Constance anadzitsikira yekha, chikwama pamutu, siketi itanyowa mpaka m'mawondo.

Amene anamudikira anali amalume ake, a Bartholomew, mkulu wa mpingo ku Mbungo, atavala jekete yawo ya Lamulungu pomwe tsikulo silinali la mapemphero. Amayi ogulitsa usipa, amene masiku onse ankamuseka kuti wawonda ndi nyemba za kusukulu, anangomupatsa moni wa pansipansi, maso ali m'madengu. Pa Likoma sipabisika kanthu. Mbuzi ikathyoka mwendo ku Yofu m'mawa, masana a ku Mbungo amakhala akudziwa kale mwini wake. Choncho aliyense padokopo ankadziwa, kupatula iye.

Anayenda njira ya ku Mbungo, amalume patsogolo, iye pambuyo. Atafika pamlambe wina a Bartholomew anaima n'kuvula chipewa.

"Mayeso unalemba onse?"

"Onse, amalume."

"Palibe otsala?"

"Palibe."

"Chabwino. Tsitsa chikwamacho."

Ndi pomwe anamuuza. M'mwezi wa Juni, mwera utavuta, Yoswa anakwera ngalawa ya Ernesto, wamalonda wa ku Cobue, ku Mozambiki, kukatenga nkhuni kutsidya kumeneko. Pobwerera ngalawa inagudubuzika pakati pa nyanja. Ernesto ndi anzake awiri anapulumukira pamitolo ya nkhuni. Yoswa sanaonekenso. Asodzi anamufuna m'magombe onse, kuno ndi kutsidya komwe, mpaka anatopa.

"Juni," anatero Constance. "Amalume, uno ndi Ogasiti."

"Tinakhala pansi abale, tinati mwana asasokonezeke. Ndiwe woyamba m'banja mwathu kuponda pa yunivesite. Ngakhale uthenga wa pa wayilesi ndinaletsa ndine, kuopa kuti ungamve. Nanga ukanabwera ukanamuvuula?"

Akuluakulu a kwathu amatero ndithu, ndipo amati n'chikondi. Mwana akakhala pa mayeso, kaya nyumba yapsa, kaya bambo wake wagona m'manda, pakamwa ponse pamatsekedwa, ngati kuti chisoni ndi chinangwa chouma choti munthu n'kusunga m'thumba mpaka tsiku lofuna. Constance anaimirira pamenepo n'kumakumbukira Juni wakeyo. Ankaloweza mayina a mafumu a ku Roma. Ankakangana ndi mnzake wa m'chipinda za sopo. Loweruka lina anapita kudansi ndipo anavina mpaka nsapato inaduka lamba. Zonsezo anachita mlongo wake ali pansi pa madzi, ndipo manyazi ake anamuwawa kuposa imfayo.

Anatsegula pakamwa kuti alire, monga achitira munthu wofika mochedwa pamaliro, koma amalume anamugwira mkono.

"Usalire, makamaka pofika pakhomo. Maliro sitinachite. Mayi ako akukana."

Anawapeza amayi ake, a Magdalena, akusinja chinangwa kuseri kwa nyumba. Anasiya munsi, anamukumbatira, anamuyang'ana m'khosi n'kunena kuti ku Zomba sadyetsa anthu. Kenaka anati, ngati akunena za nyengo: "Mlongo wako ali kutsidya. Achedwako pang'ono."

Misala ayi, a Magdalena sanali amisala. Anali ndi chifukwa chawo, ndipo ankachinena kwa aliyense wofuna kuwatsutsa. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki msuweni wawo Jeremiah anasowa kutsidya komweko. Anthu anamulira, katundu wake anagawana, mkazi wake anakwatiwa kwina. Nkhondo itatha munthu uja anatsika m'ngalawa pa Chipyela ndi miyendo yake iwiri, akufunsa za njinga yake. "Ndiye ine ndilire mwana wanga amene palibe wamusambitsa, palibe wamutseka maso? Ndionetseni mtembo, ndilira." Malaya a Yoswa ankawayanika padzuwa kuti asachite nkhungu. Ukonde wake unali pomwe anausiya, pamtengo wa mango.

Masiku amene anatsatira anali a munthu wodwala matenda osaloledwa kutchulidwa. Palibe anabwera kudzamupepesa, poti pakhomo popanda maliro upepesa chiyani? Akakumana ndi anthu panjira ankamufunsa za Zomba mwachangu n'kupitirira. Anzake amene anaimba nawo kwaya anali ndi ana kumsana tsopano, ankamutchula kuti "a ku yunivesite", ndipo iye akafika pamadzi pomwe ankachapa, nkhani zinkatha. Kunyumba akafuna kulira ankapita kuchimbudzi. Mtsikana wamkulu, wophunzira, kulirira mlongo wake m'chimbudzi ngati wakuba.

Kusungulumwa sanakuyambire pamenepa. Ku Zomba ankaphunzira Chilatini ndi mbiri ya Agiriki ndi Aroma akale, maphunziro amene m'kalasi mwake munali anthu osadzaza ndi benchi imodzi yomwe. Sanawasankhe mwadala. Anangolembetsa chaka choyamba poti kwina kunadzaza, kenaka anapezeka kuti wawakonda, monga munthu amakondera galu wobwera yekha pakhomo. Ophunzira zamalamulo ndi zachuma ankamufunsa kuti ntchito ya chinenero chakufa chotero adzailembetsa kumanda kuti. Kumudzi nako a Bartholomew sanagone tulo chaka chathunthu, poganiza kuti mwana wa mlongo wawo, mdzukulu wa anthu amene anasenza miyala yomangira tchalitchi chachikulu cha ku Chipyela, akuphunzira chinenero cha misa ya Akatolika kuti akhale sisitere.

Yoswa yekha ndi amene ankafunsa kuti amve. Ankasoka ukonde, Constance atakhala pabwato logadamitsidwa, n'kumamuuza za zombo zankhondo za Agiriki zokhala ndi mizere itatu ya anthu opalasa. Yoswa ankapukusa mutu. "Amuna onsewo kupalasa chombo chimodzi, osagwira ndi usipa umodzi womwe? Akazi awo ankadya chiyani?" Ankatsutsa chilichonse, koma mawa lake ankayambitsa yekha: "Tandiuza, anthu ako aja anathera pati?" Tsopano mabuku anali m'chikwama, ndipo pachilumba chonse panalibe woti amufunse.

Tsiku lina anapita kumsika ku Chipyela kukafuna Ernesto. Anamupeza atakhala pamitolo ya nkhuni, bambo wamfupi wa zipsera m'manja. Atangomuona anaimirira n'kuvula kapusi.

"Ndinu achemwali ake a Yoswa. Nkhope ndi imodzi."

"Ndiuzeni zoona, bambo. Kodi n'kutheka kuti anasambira n'kukafika kwina?"

Ernesto anayang'ana pansi. "Mlongoti wa ngalawa unamumenya apa," anatero akuloza kuseri kwa khutu. "Ndinamugwira malaya. Anali wolemera kale, osagwira kanthu, maso osaona. Funde lachiwiri linandilanda. Ndinamuona akupita pansi, achemwali, madzi ake anali oyera. Sanasambire."

"Amayi munawauza zimenezi?"

"Ndinapita ndekha kunyumba kwanu. Anamvetsera zonse, anandipatsa madzi akumwa, anandithokoza. Kenaka anandifunsa ngati ndingamutengere malaya ena kutsidya, poti kukuzizira."

Kuchoka apo Constance anapita kwa amalume ake kukapempha kuti wansembe achite pemphero la maliro, ngakhale laling'ono. A Bartholomew anati wansembe anavomera kalekale, koma maliro ali ndi mwini wake. Bambo a anawa anamwalira kale, ndiye mwini wake ndi mayi. Mayi akati mwana wanga ali moyo, ndani angaimbe nyimbo ya maliro pakhomo pake? "Upirire," anatero. "Ukabwerera kusukulu uiwala."

Pobwerera kunyumba m'pamene anakumbukira phunziro lina la chaka chomwecho. Aroma akale, munthu akafera panyanja mtembo osapezeka, ankamumangira manda opanda kanthu m'kati. Akatha ankaima pamenepo n'kuitana dzina lake katatu mokweza, kenaka n'kutsanzikana naye. Ankakhulupirira kuti munthu wosaikidwa amangoyendayenda m'mbali mwa mtsinje wa kudziko la akufa, osaloledwa kuwoloka. Funso limeneli linabwera pa mayeso a Juni omwewo, ndipo iye analiyankha mokondwa, cholembera chikuthamanga, poti analikonzekera bwino.

Sikuti ankakhulupirira za mtsinjewo. Anali mwana wa mpingo, wobatizidwa ndi wolimbitsidwa. Koma chithunzicho chinamukakamira: Yoswa ataima pagombe lachilendo, malaya onyowa, akudikira bwato, iye amene moyo wake wonse ankawolotsa anzake. Ndipo kunena zoona, nayenso Constance ankafuna malo. Ankafuna pena pake poti agwade n'kulira masana dzuwa likuswa mtengo, anthu n'kudziwa chimene akulirira.

Kupitirira minda ya chinangwa kuli kamtunda ka miyala koyang'ana kutsidya. Anayamba kupitako m'mawa uliwonse akatha kusesa, n'kumatola miyala. Miyala pa Likoma siisowa, ndi yokhayo imene Mulungu anatipatsa mosaumira. Anaiyala motalika ngati msinkhu wa Yoswa, mizere iwiri, n'kumadzaza pakati. Zala zinasupuka. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ankagona tulo.

Koma mwaiwala kuti pano ndi pa Likoma? Tsiku lina ana okusa mbuzi anaona, ndipo dzuwa lisanapendeke a Bartholomew anafika pakamtundapo akupuma mofulumira, ndodo ili m'manja.

"Ichi n'chiyani?"

"Manda a Yoswa, amalume."

"Manda opanda munthu? Iwe, sudziwa kuti manda otere amaitana? Ukufuna alowemo ndani, mayi ako kapena ine? Anthu ayamba kale kunong'ona kuti mwana wa a Magdalena wabwera ndi zina ku Zomba. Ndi za Akatolika zimenezi eti? Ndinanena ine."

"Si za Akatolika. Ndi mwambo wa anthu akale, Chikhristu chisanafike kwawoko."

Apo ndiye anaonjeza moto. A Bartholomew anakhala pamwala. "Ndiye zachikunja. Azungu anabwera kuno kudzatichotsa m'zachikunja zathu, ife tatumiza mwana kusukulu kuti akatitengere zachikunja za azungu." Anapukuta thukuta. Kenaka mawu awo anafewa, poti sanali munthu woipa. "Mwana wanga, ndikudziwa kuti tinakulakwira. Koma pofika Lamulungu miyala iyi ndisaione. Ndipo mayi ako asamve."

Ngati kuti panali chimene a Magdalena sankamva.

M'mawa mwake Constance anapita kukamaliza. Anaganiza zoti aitane katatu kaja, atsanzike, kenaka agumule yekha monga anamuuzira amalume. Anaika mwala womaliza kumutu. Atawongoka anaona amayi ake ataima kumbuyo kwake, dengu la chinangwa chovuula m'madzi lili pamutu, madzi akudontha m'mapewa. Akanatha kunama. Akanatha kunena kuti akutchinga mbuzi. Sananame.

"Ndamva kuti wamanga manda," anatero a Magdalena.

"Inde, amayi."

"Muli ndani m'menemo?"

"Mulibe munthu."

"Ndiye si manda." Anatula dengu pansi bwinobwino. "Amati ukatha kuunjika miyalayi umatani, anthu a m'mabuku akowo?"

"Amaitana dzina lake katatu."

"Akayankha?"

Funso limenelo pa mayeso silinabwere.

"Itana," anatero amayi ake. "Mwana wanga sanayambe wandinyozera kuitana. Ngakhale ali pakati pa nyanja amayankha. Kutsidya ndi pomwepa, mapiri ake ndi awo. Itana timve."

Pamenepo Constance anazindikira chinthu chimene sanachiganizire. Miyezi yonseyi amayi ake anayanika malaya, anasunga ukonde, anatsutsa mudzi wonse, koma sanayerekeze ngakhale kamodzi kuima pagombe n'kumuitana. Anachita mantha. Anafuna kunena kuti basi amayi, tiyeni kunyumba, ndigumula. Koma mkwiyo wa miyezi ija unamukulira, mkwiyo wa dansi ija ndi chimbudzi chija, ndipo anatembenukira kunyanja.

"Yoswa!"

Mawu anatuluka aang'ono, ngati a mwana. Madzi ankangomenya miyala pansipo. Anaitananso, mokwezako. Msodzi wina kutali m'bwato anatembenuza mutu n'kupitiriza kupalasa. Anaitana kachitatu, n'kudikira, ndipo mawu otsanzika amene anakonza anakanika kutuluka.

"Suitana bwino," anatero a Magdalena. "Ku Zomba kwakuonongera mawu. Angamve bwanji choncho? Choka apo."

Anamukankhira pambali, anakwera pamwala waukulu, anaika manja kukamwa. Mudzi wonse wa Mbungo unkadziwa kuitana kumeneko. Ndi kuja ankaitanira Yoswa ali mnyamata, akachedwa kosambira, kokoka dzina mpaka limveke kuseri kwa phiri.

"Yoswaaa! Iwe Yoswa!"

Anatchera khutu, mutu utapendekera kumodzi, nkhope ili ndi chikhulupiriro chonse. Constance sanathe kuwayang'ana. A Magdalena anaitananso. Anadikira nthawi yaitali kuposa poyamba. Za katatu iwo analibe nazo ntchito: anaitana kachinayi, kachisanu, osalekeza, osadikiranso yankho, mpaka dzina lija linasweka pakati n'kusanduka kulira. Anagwa pamiyala ya Constance ija chafufumimba, akuikumbatira, akuitana mwana wawo ndi mayina a paubwana amene Constance anali asanawamvepo.

Kulira kwa maliro sikufuna wolengeza. Amayi amene anali m'minda anataya makasu. A kumadzi anasiya zochapa. Anabwera akuthamanga, akulira kale asanafike, misozi imene anaisunga miyezi yonseyi poopa mwini wake. Anawanyamula a Magdalena m'mapewa kupita nawo kunyumba. Pofika masana mipando inali itatulutsidwa panja, mphasa zitayalidwa, amuna atakhala pansi pa mango, wina atachotsa ukonde uja. A Bartholomew anatuma munthu kwa wansembe, ndipo za miyala sanatchulenso. Amayi a mpingo anayamba nyimbo.

Constance anakhala m'nyumba pamphasa, pafupi ndi amayi ake, chitenje kumutu. Anthu ankalowa mogwada, n'kumugwira dzanja. "Pepani, achemwali. Pepani kwambiri." Anzake a kwaya aja anamukhalira pafupi, wina anamutsamiritsa paphewa. Zonse zimene ankafuna zinali pamenepo, ndipo analira mpaka mutu unamupweteka, poyera, popanda womuletsa.

Dzuwa litapendeka nyimbo zinaima pang'ono, anthu ena anatuluka kukathandiza kuphika. A Magdalena anali atatsamira khoma, mawu atawathera, maso otupa ali pakhomo. Constance anawasendezera kapu ya madzi. Sanailandire. Analankhula motsitsa, mosakalipa, kuti amve iye yekha.

"Wapeza maliro ako, mwana wanga. Sindikukuda. Unanena zoona, ndipo Ernesto ananena zoona." Kenaka anamuyang'ana. "Koma iwe ubwerera ku Zomba, kuli mabuku ako. Ine kuno ndimadzuka m'mawa n'kumadikira. Inali ntchito yanga imeneyo. Tsopano ndizidzuka kuti nditani?"

Constance anangokhala, kapu ili m'manja, mpaka mayi wina anabwera kudzaitenga kuti amwetse mwana.